Hosea Goma ndi Mabokosi a Kashembe

Kwa Tembwe, m'chigwa cha Luangwa, mwana akachulutsa mafunso akuluakulu ankamuuza kuti, "Pita kwa a Goma mukafunsane." Ankanena Hosea Goma, munthu wamfupi wa khosi ngati mtondo, amene pakati pa mutu pake tsitsi linaleka kumera kalekale chifukwa cha nkhata.

Hosea anayamba umtengatenga ndevu zikungotuluka kumene. Masiku amenewo msewu wa galimoto unkathera ku Lundazi, ndipo chilichonse chotsikira kuchigwa, kaya ndi hema wa bwana wa boma, kaya bafa lake, kaya thumba la makalata, chinkayenda pamutu pa munthu. Anzake ankasenza akuimba. Iye ankasenza akufunsa. Muli chiyani m'bokosili? Bwanji likulemera mbali imodzi? Analikhoma ndani, nanga misomali yake anaitenga kuti? Ophika a azungu ankati akamuona akubwera ankanamizira kutsuka mapoto. Zaka ziwiri anakakumba golide ku Lupa, m'dziko la Tanganyika. Golide sanabwere naye, koma anabwera ndi Chiswahili chokwanira kugulira ufa, kukanganira ndi kufunsira njira.

Atabwerako anamupatsa ukapitawo wa amtengatenga. Lamulo lake linali limodzi: katundu aliyense akhale ndi mutu wake, mutu uliwonse udziwe katundu wake. Pa mtolo uliwonse ankamangapo kachingwe ka mlaza, woyamba mfundo imodzi, wachiwiri ziwiri, mpaka womaliza. Akawoloka mtsinje, munthu asanakhale pansi, ankayenda mumzere n'kumakhudza mlaza uliwonse ndi chala. Pa zaka makumi awiri anataya katundu mmodzi yekha, mpando wopinda umene unapita ndi madzi a Lupamadzi, ndipo ankaukambabe ngati maliro a mbale wake.

Mu 1954 kunatsika mzungu wina wowonda, Dokotala Renwick, amene sanabwerere msonkho kapena minyanga. Anabwerera kashembe, ntchentche yoluma ija yomwe imapha ng'ombe ndi kupatsa anthu matenda a kaodzera. Sabata isanathe anthu anali atamutcha kale Bwana Kashembe. Hosea ndiye anamusenzetsera katundu, ndipo tsiku lachiwiri la ulendo analephera kudzigwira.

"Bwana, ine ndakula ndi kashembe, wandiluma kuyambira ndili kumsana. Koma mazira ake sindinawaonepo. Aikira kuti?"

Dokotala anaima n'kumuyang'ana ngati munthu amene watola mpeni panjira. Anayankha m'Chinyanja chake chopunduka kuti, "Saikira mazira. Abala mwana mmodzi, monga munthu. Bwera uone."

Anagwada pansi pa chipika chakugwa m'mphepete mwa kamtsinje kouma, n'kuyamba kupeta mchenga ndi zala. Posakhalitsa m'dzanja lake munali tinthu titatu takuda, tolimba, tofanana ndi njere za mapira. Anafotokoza kuti mayi amabala kamphutsi, kamphutsiko kamalowa mumchenga n'kuuma chonchi, ndipo pakapita mwezi mumatuluka kashembe wamapiko. Hosea anatenga kamodzi, anakaika m'bokosi la machesi, n'kukasunga pansi pa denga kunyumba kwake. M'mawa uliwonse ankatsegula. Tsiku limene anapeza ntchentche ikuyenda m'katimo anathamanga kukaonetsa mkazi wake, Tryness NyaMvula, amene ankapuntha mpunga kuseri.

"NyaMvula, taonani! Chabadwa!"

"Anthu afukiza utsi kuti chichoke, inu muchilera m'nyumba? Chotsani, atate ake Salome, ana angadwale."

Kuyambira pamenepo Hosea sanalinso wa mitolo yokha. Anadziwa zipika zimene pansi pake pamapezeka timbewu, monga ankatitchulira, ndipo anazindikira yekha kuti chimene chimapha timbewuto msanga ndi dzuwa. Ndiye anatulukira kapakiridwe kake: zitini zoboola, mchenga wozizira m'kati, pakamwa kansalu ka masikito, zonse m'bokosi lamatabwa lokutidwa ndi saka lonyowa.

Mu Okutobala wa 1956, mwezi umene mchenga wa kuchigwa umawotcha mapazi ngati phulusa la moto, dokotala anamuitana. Anati ku Uganda kuli madokotala anzake amene akufuna timbewu ta ku Luangwa tamoyo, kuti aone ngati kashembe wa kuno ndi wa kwawo ali pachibale. Pa sitima ndi pa lole tingafere panjira, choncho apita pa ndege. Ndipo popeza palibe wina wodziwa kusamala timbewuto, Hosea apite nawo, akakhale miyezi isanu akuphunzitsa anthu a kumeneko.

Tryness atamva anapitiriza kusankha timiyala mumpunga.

"Manje kumwambako mukadwala, akutsitsani pati?"

"Ndikafunsa."

"Ndidziwa kuti mukafunsa. Ndiye chimene ndiopa. Mukafunsa woyendetsa mpaka aiwale njira."

Komabe anamusokera kathumba ka nsalu yoyera, anathiramo mpunga wopuntha bwino wa m'dimba lawo, n'kumangira pamodzi ndi nsinjiro ndi mkulukuta wa fodya m'kasutikesi kachitsulo.

Anayenda pansi mpaka ku Lundazi, mabokosi ali pamitu, akuyenda m'mawa ndi madzulo okha. Kuchokera apo lole inawafikitsa ku Fort Jameson. Kumeneko Hosea anajambulidwa chithunzi kwa Mmwenye, anabayidwa jekeseni pamkono, ndipo anapatsidwa chiphaso chokhala ndi nkhope yake ndi chidindo cha boma. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Sankadziwa kuti makutu ake ndi otambasuka chotero.

Pa bwalo la ndege panali kanyumba kamodzi ka malata ndi sikelo yaikulu. Kalaliki anayeza mabokosi onse asanu ndi anayi, anayeza kasutikesi, kenaka anauza Hosea kuti naye akwerepo.

"Inenso ndine katundu?"

"M'ndege aliyense ndi katundu, madala. Kwerani."

Pa bokosi lililonse kalalikiyo anamangapo kapepala kolimba ka chingwe, anang'amba kachidutswa kam'munsi n'kupatsa dokotala. Hosea, amene anaphunzira zilembo pa sukulu ya m'mudzi, anawerenga pang'onopang'ono: ENTEBBE. Dokotala anali atamuuza kale kuti ndege zidzakhala zitatu, yoyamba mpaka ku Ndola, yachiwiri mpaka ku Nairobi, yachitatu mpaka ku Entebbe. Ndiye anafunsa kuti ku Ndola adzatsitsa okha kapena kudzakhala anthu owathandiza.

"Simudzakhudza chilichonse," anatero kalaliki. "Katundu uyu apita yekha mpaka komaliza."

"Yekha? Amusenza ndani?"

"Alipo anthu."

"Kapitawo wawo ndani? Adziwa kuti mabokosi awa safuna dzuwa? Nanga mwauzana bwanji, inu muli kuno iye ali ku Ndola?"

Kalaliki anayang'ana dokotala ngati wopempha chithandizo. Dokotala anaseka, anagwedeza tizidutswa tija m'manja n'kunena kuti pepala ndilo kapitawo. Hosea sanatsutse, koma asananyamule mabokosi anatulutsa mlaza m'thumba n'kumanga mfundo zake, kuyambira imodzi mpaka zisanu ndi zinayi.

Za kuuluka anthu anadzamufunsa kwambiri pambuyo pake, koma iye analibe zambiri zonena. Makutu anatseka, m'mimba munakwera n'kutsika, basi. Chimene chinamugwira mtima chinali Luangwa. Anauona pansi uli ngati luzi logwa pa mphasa, ndipo asanamalize kufufuza pamene pangakhale doko, unali utatsala kumbuyo. Anakumbuka masiku amene ankataya m'mawa wonse kuwolotsa anthu makumi atatu pa bwato limodzi, mvuu zikufwenthera pafupi. Anapukusa mutu n'kuyamba kuganiza za mabokosi amene anali penapake pansi pa mapazi ake popanda wowayang'anira.

Ku Ndola anafika masana, ndipo ndege ya ku Nairobi inali ya m'mawa mwake. Dokotala anapita kuhotela ya azungu. Hosea anatsalira pa waya wa bwalo n'kumaonerera amuna ovala maovolosi akutsitsa katundu m'mimba mwa ndege ndi kuika pa ngolo. Anawerenga milaza yake: yonse inalipo. Pamenepo mmodzi wa amunawo anaponda mwala n'kutukwana, ndipo kutukwanako kunali kwa Chisenga chenicheni, chinenero cha kwawo kuchigwa.

"Imwe! Ndimwe a kuti?" Hosea anafuula.

Anali Sunday Zimba wa kwa Chikwa, amene anachoka kumudzi zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anakondwa ngati waona mayi ake. Anakankhira ngolo ija m'shedi yozizira, analola Hosea kuwaza madzi pa masaka, ndipo madzulo anamutengera kwawo kukomboni. Asanafunse n'komwe za mvula ndi za maliro a kumudzi, mlendo anali atayamba kale.

"Manje mudziwa bwanji kuti bokosi ili lipita uku, ilo lipita uko?"

"Ife sitiona bokosi, tiona pepala," anatero Sunday. "Lofiira ndi la kumpoto, lobiriwira ndi la ku Salisbury. Dzina lapamwamba ndi kumene ndege ikatere, lapansi ndi kumene mwini wake akathere. Ine kuwerenga sindidziwa, koma zilembo ndizidziwa nkhope zake."

"Pepala likaduka?"

"Katundu akhala mwana wamasiye. Kuli chipinda chawo, ena akhalamo zaka."

"Nanga ku Nairobi kuli munthu monga inu, amene adzaona dzina lapansi n'kuika m'ndege yachitatu?"

Sunday anakanda mutu. "Ndiganiza alipo. Koma ine ndithera pa khomo la ndege. Za kutsogolo sindingakunamizeni."

Mawu amenewo Hosea anawasunga. M'mawa anaona ndi maso ake mabokosi akulowa m'ndege yaikulu, ndipo Sunday anamukwezera dzanja atalowetsa lomaliza.

Ku Nairobi anatera dzuwa lili paliwombo. Bwalo la kumeneko linali ngati tauni: ndege zisanu kapena zisanu ndi imodzi, anthu a mitundu yonse, ndi asilikali a mfuti paliponse, pakuti dzikolo linali pa mavuto masiku amenewo. Anaima pamzere, mzungu wa pa tebulo anayang'ana chithunzi, anayang'ana makutu a Hosea, n'kudinda. Dokotala anaona wotchi yake n'kunena kuti kwatsala maola awiri. Analoza benchi pakhonde kuti Hosea akhale pamenepo, iye n'kulowa m'chipinda cha tiyi mmene munthu wakuda ankalowa atanyamula thireyi basi.

Hosea anakhala pa benchi nthawi yongokwanira kumasula nsapato zimene zinkamuluma. Kenaka anaimirira n'kupita kumapeto kwa khonde kumene ankatha kuona ndege imene anabwera nayo. Ankafuna kuona munthu wa ku Nairobi wofanana ndi Sunday. Anamuona, mwamuna wamtali wa chipewa chofiira amene ankalamula anzake. Ngolo inadzaza, milaza ikupepeluka pamwamba. Koma sinapite kumene kunaima ndege zina. Inakhotera ku nyumba yaitali yamalata, ndipo popeza m'katimo munali modzaza, anaisiya panja, pa simenti, padzuwa.

Anadikira pang'ono, poganiza kuti mwina ndi mmene amachitira. Palibe anabwera. Masaka anayamba kutuwa akuona. Anavalanso nsapato, anatsika pakhonde, n'kupita kwa wa chipewa chofiira uja. Anamupatsa moni wa Chiswahili chake cha kumigodi, ndipo munthuyo anaseka kamvekedwe kake, koma anayankha bwino.

"Mabokosi awa alembedwa Entebbe," anatero Hosea. "Bwanji aima pano?"

"Adikira mwini wake."

"Anatiuza kuti apita okha."

"Anakuuzani ndani? Wa kwanu? Wa kwanu adziwa za kwanu." Munthuyo analoza nyumba yamalata ija. "Umu ndi mwa kasitomu, oyang'anira katundu wolowa m'dziko. Kenya, Uganda ndi Tanganyika ndi nyumba zitatu za mpanda umodzi, ndipo chipata chake ndi pamene mwayamba kuponda. Katundu wochokera kunja atsegulidwa pano, mwini wake ataima pambali. Akalembedwa choko, mumupereka kachiwiri pa sikelo, ndiye akwera ndege ya ku Entebbe. Popanda choko sayenda, ngakhale pepala linene chiyani."

"Mwini wake akapanda kubwera?"

"Ndege ipita, katundu atsala. Zichitika sabata iliyonse."

Hosea anayang'ananso masaka aja akuuma. Anapempha kuti anyamule mabokosi awaike pamthunzi, koma anamuuza kuti katundu wopanda choko sakhudzidwa. Anaganiza pang'ono n'kufunsa ngati ngolo nayo imafuna choko. Wa chipewa chofiira anamuyang'ana, anaseka, ndipo awiriwo anaikankhira kuseri kwa khoma kumene kunali mthunzi.

Kunatsala kuitana dokotala. Pakhomo la chipinda cha tiyi woperekera zakudya anamutsekereza ndi mkono. Hosea anali ndi wezulo wake wa ukapitawo m'thumba, ndipo dzanja linapita komweko, koma ataona msilikali ali chilili pafupi anazindikira kuti kuno wezulo angaitane zina. M'malo mwake anatulutsa mlaza, anamanga mfundo zisanu ndi zinayi, n'kupempha woperekerayo kuti akauike pa mbale ya mzungu wowonda wokhala pafupi ndi zenera. Anaonerera pagalasi. Dokotala anatsitsa nyuzipepala, anatola mlazawo, anauyendetsa m'zala, ndipo anadzuka mwaphuma mpaka kapu inagwa.

M'nyumba ya kasitomu munali matebulo aatali otsika. Wowayang'anira anali Mmwenye wa ndevu zokulungira ndi nduwira yabuluu, munthu wosafulumira pa chilichonse. Mabokosi atandandalikidwa anafunsa dokotala m'Chizungu, dokotala anayankha, ndipo Mmwenye anatsegula buku lalikulu n'kuyamba kutembenuza masamba. Anatembenuza kutsogolo, anabwerera kumbuyo. Kenaka, poona kuti amene akugwira mabokosi ngati ana ake ndi Hosea, anamufunsa m'Chiswahili.

"Iwe ndiuze. Zimenezi ndi mbewu, ndi nyama, kapena ndi mankhwala? Buku langa lifuna chimodzi."

"Lero ndi mbewu, bwana. Mawa ndi nyama."

Mmwenye anatseka bukulo. Anati chamoyo chilichonse, makamaka choluma, sichilowa popanda kalata ya boma. Dokotala anasisita matumba a jekete, anatsegula chikwama chake, anakhuthula mapepala pa tebulo. Nkhope inafiira mpaka m'khosi. Kalata anali nayo, koma poganiza kuti idzafunika ku Entebbe kokha, anailongedza, ndipo sankakumbukanso kuti m'bokosi liti. Panja, ndege ya ku Entebbe inali itayamba kulandira katundu wa anthu ena.

"Bwana," anatero Hosea, "kalata ya envulopu yaitali, ya chidindo chofiira?"

"Inde! Unaiona?"

"Munaiika m'buku lija la chithunzi cha kashembe, ku Lundazi, pamene tinali kudikira lole. Buku lili m'bokosi la mfundo zisanu ndi imodzi, pansi pa nyali."

Anazula misomali ndi chitsulo cha kasitomu, ndipo kalata inali momwemo. Mmwenye anaiwerenga yonse, mpaka dzina la pansi, n'kunena kuti ili bwino, koma ayenera kuona ndi maso chimene kalata ikunena. Hosea anatsegula bokosi la mfundo ziwiri n'kutulutsa chitini chimodzi. Pansi pa kansalu panali chinthu chikuyenda. Kashembe mmodzi anali atangotuluka kumene, wotuwa, mapiko ali okwinyika ngati tsamba la fodya louma. Mmwenye anawerama. Onse atatu anaonerera mapikowo akutambasuka pang'onopang'ono mpaka anapingasana pamsana ngati sizasi.

"Kabadwira m'nyumba yanga," anatero Mmwenye motsitsa mawu. "Ndiye kuti ndi ka Kenya." Anafunsa kuti kamadya chiyani, kamakhala masiku angati, ndiponso ngati n'zoona kuti kamakonda nsalu yakuda. Hosea anayankha zonse. Kanali koyamba m'moyo wake kukumana ndi munthu womuposa mafunso, ndipo anthu amene anali pamzere kumbuyo anayamba kung'ung'udza.

Atamaliza mabokosi Mmwenye analoza kasutikesi kachitsulo. "Nanga iwe uli ndi chiyani choti unene?"

Hosea anamva funsolo monga kapitawo amamvera. Anatsegula n'kuyamba kutchula chimodzichimodzi: malaya awiri, kabudula, bulangete, buku la nyimbo, singano ndi ulusi wake, lumo, nsinjiro, fodya, mpunga. Dokotala ankangoponda pansi ndi phazi. Mmwenye ananunkhiza fodya, anayetsemula, n'kunena kuti wochepa chotere ndi wa mwini wake. Koma atamasula kathumba koyera anaweramira pafupi. Anatapa pang'ono, anafikisa m'manja, ananunkhizanso.

"Mpunga uwu ndi wa kuti?"

"Wa kwathu ku Chama. Alima akazi anga."

"Ununkhira ngati wa kwa amayi anga. Ndi wobzala kapena wodya?"

"Wopuntha, bwana. Sungamere."

"Ukadakhala wa makoko ndikadaulanda," anatero Mmwenye. Hosea anati atapeko wokaphika kunyumba, koma iye anakana, nati munthu wa pa tebulo ili salandira kanthu, ngakhale kambewu kamodzi. Anamanga yekha kathumbako bwinobwino, anatenga choko, n'kulemba kachizindikiro pa sutikesi ndi pa bokosi lililonse.

Hosea anayang'ana chokocho. Chinali choko wamba, chonga cha aphunzitsi a kwa Tembwe.

"Pepani bwana, funso limodzi. Munthu atagula choko kusitolo n'kudzilembera yekha?"

"Hosea!" anakuwa dokotala.

Koma Mmwenye anaseka mpaka nduwira inagwedezeka. "Chizindikiro chisintha m'mawa uliwonse, ndipo achidziwa ndi ine ndi wa pachipata. Thamangani, ndege yanu iyo."

Anathamangadi. Mabokosi anakweranso pa sikelo, kalaliki wina anayang'ana tizidutswa ta dokotala n'kuvomera, ndipo wa chipewa chofiira anakankha ngolo yekha mpaka pansi pa phiko. Iwo anali omaliza kukwera. Atakhala pansi dokotala anapuma kwa nthawi, kenaka anati, "Pepala si kapitawo." Hosea anayankha kuti pepala linagwira ntchito yake, kungoti silidziwa kuitana munthu amene ali pa tiyi.

Ku Uganda anapeza kuti mabokosi awiri amene anali pamwamba pa ngolo anapsa ndi dzuwa lija, ndipo timbewu take tambiri sitinaswe. Otsalawo anaswa bwino, ndipo madokotala anakhutira. Hosea anakhala miyezi yake isanu. Anaphunzitsa anthu kupeta mchenga pansi pa zipika, anaona kashembe wa m'mphepete mwa nyanja amene ndi wakuda kuposa wa kwawo, ndipo anazolowera kudya nthochi zophika zimene anthu a kumeneko amadya tsiku ndi tsiku. Anazikonda kwambiri, moti pobwerera anakumba ana a nthochi atatu, dothi lake lili pomwepo, n'kuwakulunga m'saka kuti akabzale m'dimba la Tryness.

Anabwerera yekha, pakuti dokotala anatsalira. Panalibe womuuza chochita, ndipo sanamusowe. Ku Entebbe anafunsa kalaliki kuti chipata cha dziko la kwawo chili pati, ndipo atamva kuti ndi ku Ndola anadziwa pamene adzaimire pambali pa katundu wake. Ku Nairobi sanakhudze kanthu, anangoonerera sutikesi ndi saka zikusamuka ndege. Ku Ndola Sunday anamunyamulira yekha mpaka pa tebulo la kasitomu. Mzungu wachinyamata wa pamenepo anadutsitsa nsalu imene anagulira Tryness ndi nyali yagalasi, koma atamasula saka anapukusa mutu. Zomera za dothi lachilendo sizilowa, anatero, chifukwa m'dothi mumabisala matenda amene angathe minda ya dziko lonse.

Hosea anafunsa kuti matenda ake ndi otani, amaoneka bwanji, ndipo ngati kutsuka mizu kungathandize. Mzunguyo anayankha zimene ankadziwa, n'kumaliza ndi kuti popanda kalata palibe chimene angachite. Hosea sanakwiye. Iye mwini anali atawolotsa ntchentche zakupha malire awiri chifukwa cha kalata imodzi, ndiye anaona kuti mlandu wake ndi wolunjika. Anangofunsa kuti nthochizo azitani. Anamuuza kuti azitentha.

Kwa Tembwe anafika mpunga ukucha. Anthu anadzaza pabwalo, ndipo ankafuna kumva ngati kumwamba kuli mphepo ndiponso ngati anaona angelo. Iye ankangobwerera ku nkhani ya mapepala ofiira, chipata chimodzi cha mayiko atatu ndi choko chosintha m'mawa uliwonse, mpaka ena anayamba kuyasamula. Tryness anayeza nsalu yake pathupi n'kunena kuti ulendo wonsewo phindu lake ndi limeneli.

Zaka zotsatira msewu unatsika kuchigwa, malole anayamba kufika nthawi ya chilimwe, ndipo umtengatenga unatha pang'onopang'ono. Hosea anabwerera kumunda. Koma anyamata opita ku Kitwe kapena ku Salisbury ankabwera ndi masutikesi awo kuti awapakire, ndipo iye ankawauza kuti chiphaso ndi kalata iliyonse ya chidindo zikhale m'thumba la malaya, osati pansi pa bulangete.

Chinthu chimodzi chokha chinkamuvutabe. Sankakhulupirira kuti munthu wamaso angatenthe ana a nthochi onenepa chotero. Ankaganiza kuti wina anawabzala kuseri kwa nyumba ya kasitomu, pamene pamatayikira madzi a pampopi, moti anatumiza mawu kwa Sunday kuti akayang'aneko. Mu 1959 Sunday anabwera kutchuthi kwa Chikwa, ndipo Hosea anapalasa njinga tsiku lathunthu kukamuona. Atangolonjerana anafunsa.

"Ndinakayang'ana monga munandituma," anatero Sunday. "Nthochi palibe. Pali mtengo wa papaya umodzi, basi."

"Papaya?" Hosea anasendeza mpando wake pafupi. "Wa mtundu wanji? Anabwera nawo ndani, ndipo anachokera nawo dziko liti?"